Sakhwi Aperekeza Alendo Osatsanzika

Padangotero, kudagwa ludzu, ludzu lake loti ukameza malovu unkamva ngati wameza gaga. M'dambo lonse la Mkanda mudatsala chitsime chimodzi, koma eni ake sankachiona n'komwe chifukwa chidazingidwa ndi misana ya njati.

Njatizo zidachokera kuseri kwa mapiri kalekale. Zidafika ndi ulemu wonse, mitu ili pansi, n'kunena kuti zamva zoti kudamboko kwavuta afisi, ndiye zabwera kudzateteza tinyama ndi kutiphunzitsa kasungidwe ka madzi. "Mukangokula, ife tibwerera kwathu," adatero mkulu wa njatizo. Afisi adathawadi, koma njati zidakhala. Mkulu uja adayamba kutchedwa Bwanamkubwa, ndipo wofuna madzi ankayamba wagwira thangata, kumweta msipu n'kukaunjika pamaso pa alendowo, kenaka n'kumwa matope amene ziboda zasiya. Akulu adati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa lidawalephera.

Sakhwi mukumudziwa, kanyama kangati mbewa, kamphuno kosongoka, timiyendo ngati udzu. Ankakhala yekhayekha patsinde pa chulu. Amayi ake adamwalira akumufotokozera za masiku akale, pamene nyama zonse zinkandanda pachitsime m'mawa, phewa ndi phewa, n'kumamwa madzi oyera mbee uku zikuseka. Sakhwi adali asanazionepo zimenezo, ndipo palibe chimene ankachilakalaka kuposa kuima nawo pamzere umenewo tsiku limodzi.

Ludzu litafika posauzana, nyama zidakumana pansi pa mkuyu. Wotsogolera nkhani adali Mbira, yemwe mpaka lero alibe mchira chifukwa chokonda kutuma anzake.

"Wina apite akawauze kuti takula, atibwezere chitsime chathu," adatero Mbira.

Gwape adayamba kuyang'anitsitsa ziboda zake ngati waziona koyamba. Nungu adati ali ndi chifuwa.

"Sakhwi, mphwanga," adatero Mbira, "iwe pakamwa pako m'poterera. Pita. Tonsefe tili pambuyo pako."

Sakhwi adanyamuka. Ali pakati pa njira adacheuka kuti aone khamu lija, ndipo pambuyo pake adapezapo mchira wake wokha.

Adaganiza zoyamba ndi misozi. Adathyola tsabola wa kambuzi n'kudzitikita m'maso, ndipo pofika pachitsime nkhope idali itanyowa. Bwanamkubwa adali gone pamthunzi, pamsana pake pataima Kakowa, mbalame yoyera imene inkagwira ukapitawo n'kumalipidwa nkhupakupa. Sakhwi adagwada n'kuomba m'manja.

"Bwana, ife anthu anu tatha. Ana a Gwape akuyamwa mabere ouma. Nkhalamba zikufa zikumva fungo la madzi amene zidabadwirapo. Mtima wanu ndi waukulu ngati thupi lanu, Bwana. Tibwezereni chitsime chathu tizidzimwera tokha."

Adalankhula mokoma moti Bwanamkubwa adagwetsa msozi weniweni.

"Waona, Kakowa? Akulira ngati makanda. Makanda otere tingawasiye okha ife?" Adapukuta msozi ndi lilime. "Kuyambira mawa azibwera ndi mitolo iwiriiwiri, akhwime msanga. Komanso iwe kanthu iwe, ukungoti ife, ife. Ifeyo ali kuti?"

Sakhwi adabwerera maso akuyaka, ndipo tsopano misozi idali yoona. Kumkuyu palibe adamufunsa mmene wayendera. Gwape yekha ndiye adalankhula. "Tidakutuma kukatula katundu, iwe wakatisenzetsa wina."

Sakhwi sadaliiwale funso la Bwanamkubwa lija. Akufuna ife? Awaona. Sakhwi adayamba kulambula tinjira m'udzu wouma kuzungulira chitsime chonse, n'kumwaza m'menemo makoko ouma a nyemba zakuthengo. Tsono Sakhwi ali ndi luso lina: akamenya pansi ndi mwendo wakumbuyo pamamveka ngati kang'oma. Atamaliza adatulukira dzuwa lili paliwombo, ndipo ulendo uno sadagwade.

"Bwana, mudafunsa kuti ife tili kuti. Dambo lonse lafika. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, lero tabwera ndi manja onse. Dikirani ndiwauze akupatseni moni."

Adalowa m'udzu. Kum'mawa kudamveka di di di! Kumpoto tswa tswa tswa! Kumadzulo di di di! Udzu udagwedezeka mbali zonse, makoko akuthetheka ngati kukubwera moto. Njati zidadzuka n'kuunjikana, ana pakati. Sakhwi adatulukanso wefuwefu.

"Anungu akuti minga yawo yawayabwa. Ndikuwaletsa ine, koma sindikudziwa ngati andimvere nthawi yaitali."

"Tikambirane," adatero Bwanamkubwa, mawu atachepa. "Mwina m'mawa muzimwa ndinu, ife masana."

Apa wanzeru akadalandira n'kuthawa. Koma Sakhwi adali asanamvepo kukoma koopedwa, ndipo kudamuledzeretsa.

"M'mawa mokha? Ayi. Choyamba mugwade, muombe m'manja monga timachitira ife."

Mawu amenewo adamukwiyitsa Kakowa kuposa Bwanamkubwa mwini wake. Adauluka, adazungulira kamodzi, n'kutera. "Bwana, m'udzumo muli udzu."

Sakhwi sadathawe patali. Njati zidamugwira n'kumuponya m'dzenje limene chiboda cha njati chidasiya m'matope, n'kuvundikira pamwamba ndi ndowe. Ali m'menemo ankamva anzake akudutsa ndi mitolo ya msipu. Adazindikira mapazi a Nungu. Adamva ziboda za Gwape zitaima pafupi, adadikira kuti amve dzina lake, koma zibodazo zidapitirira. Fungo la ndowe lidapiririka, chimene chidamuwawa ndi kachetechete ameneyo.

Koma amene ali pansi amamva zambiri. Madzulo ake Bwanamkubwa adadzagona pafupi ndi dzenjelo akudandaulira Kakowa. Adati kukubwera azakhali ake kuchokera kwawo kuseri kwa mapiri, kudzaona ntchito imene mwana wa mlongo wawo wakhala akuitamanda zaka zonsezi. Azakhaliwo adali namkungwi wotchuka, amene atsikana onse a mtundu wa njati adadutsa m'manja mwawo, ndipo Bwanamkubwa ankawaopa kuposa mkango. Sakhwi adaleka kulira n'kuyamba kukumba.

Tsiku la alendo lidafika. Nyama zonse zidandanditsidwa chapatali ndi mitolo yawo kuti mlendo aone dongosolo. Azakhali adakhala pamthunzi, nyanga zawo zitaperepeseka ndi ukalamba. Mwadzidzidzi Sakhwi adatulukira atasamba bwinobwino, akuomba m'manja kuyambira kutali, akufuula kuti dambo lonse limve.

"Tate wathu! Mthunzi wathu! Tidali m'kamwa mwa afisi, adatilanditsa ndi iyeyu! Tidali mbuli, adatitsegula m'maso ndi iyeyu! Amayi, mudabala m'banja mwanu mphunzitsi amene dziko silidamuonepo!"

Kakowa adafuna kumujompha, koma Bwanamkubwa adamuletsa, chifuwa chitatukumuka. Azakhali adasekerera n'kuitana kanyamako kuti kayandikire. Sakhwi adakwera pamwala pafupi ndi khutu lawo, n'kutsitsa mawu moti a pamzere sankamvanso.

"Amayi, ndamva kuti ndinu namkungwi. Ndifunseko, ndine wosadziwa. Kwanu namwali amakhala nthawi yotani m'tsimba?"

"Akamva mwambo amatuluka. Nanga azikhaliramo chiyani?"

"Nanga atakhala kuti wamera imvi ali m'tsimba momwemo, ana ake n'kubadwira momwemo, zidzukulu zakenso momwemo, anthu anganene kuti wolephera ndani?"

Azakhali adafwenthera pansi. "Namkungwi wotero ndi wochititsa manyazi mtundu. Kwathu sangalangizenso ngakhale mwana wa nkhuku."

"Ndimayesa nanenso, Amayi. N'chifukwa chake ndimakangana ndi amiseche amene amati ife sitidakulebe. Ndimawauza kuti, pamaphunziro a Bwana ameneyu pangatsale wosakula? Koma ine ndine kanthu kochepa. Mwina anene okha eni ake."

Azakhali adatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe, ana awa akula kapena sadakule?"

Bwanamkubwa adayang'ana chitsime, adayang'ana azakhali ake. Akati sadakule, ndiye kuti zaka zonsezi wangodya msipu wa eni ake. Akati akula, lonjezo lija lili pomwepo, ndipo adalinena ndi pakamwa pake.

"Akula ndithu, azakhali," adatero, mawu akutuluka ngati akuzulidwa dzino. "Komabe mwina tikhaleko pang'ono, tione ngati..."

Sakhwi adaona kuti khomo likufuna kutsekeka. Adadzigwetsa pamwala paja n'kuyamba kugubuduka m'fumbi, akukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Musapite, Bwana! Khalani nafe mpaka kalekale! Tidzatani ife opanda inu? Chitsime n'chanu, ifenso ndife anu! Musatisiye, tate!"

"Wamva zimenezo?" adatero azakhali akudzuka. "Wawazoloweza kuberekedwa. Namwali aliyense amalira tsiku lotuluka, koma amatuluka. Ukakhala chaka china, awa adzafuna uziwatafunira. Mawa tonse ulendo."

Mlendo sachoka wosaperekezedwa, ndi mwambo. M'mawa mwake njati zitayamba ulendo, woperekeza adali Sakhwi yekha, atasenza kamtolo ka msipu ka kamba wa pa njira, akusisima mokweza uku m'mimba mukumupweteka ndi kuseka. Pamalire, patsinde pa phiri, Bwanamkubwa adaima.

"Pa onse aja, wondikonda udali iwe. Tiye kwathu, ukakhale pamthunzi wanga."

"Ndikadakonda, Bwana, koma wina ayenera kutsala kuti azikulirani."

Njati zitangobisika kuseri kwa phiri, Sakhwi adagwa chagada n'kuseka mpaka mphuno idanjenjemera. Kenaka adaliyatsa liwiro la kumudzi. Ali patali adaziona zimene amayi ake ankanena zija. Madzi adali atadikha, oyera mbee, ndipo nyama zonse zidandanda phewa ndi phewa, zikumwa, zikuseka. Pakati pa Gwape ndi Nungu padali kampata kongokwana iye. Adalunjika pomwepo.

Nungu adaimitsa minga. Gwape adasuntha n'kutseka kampata kaja. Pamthunzi pamene pankagona Bwanamkubwa padali patakhala Mbira, akufotokozera ana mmene "ife" tidathamangitsira njati.

"Ukufuna chiyani kuno?" adafunsa Mbira. "Abale ako aja akusiya?"

"Achimwene, ndine Sakhwi. Mudandituma ndinu."

"Tidakutuma kukapempha chitsime," adatero Gwape. "Iwe udakati chitsime n'chawo. Udagubuduka m'fumbi kuwapempha kuti asachoke. Tidamva ndi makutu athu, sitidachite kuuzidwa. Achikhala azakhali aja adalibe chilungamo, bwenzi lero tikumweta msipu chifukwa cha iwe."

"Udali msampha umenewo! Imvani ndikuuzeni zimene ndidawanong'oneza..."

"Adamva ndani?" adatero Mbira.

Sakhwi adayang'ana uku ndi uku. Amene adamva adali kuseri kwa phiri. Adatsegula pakamwa, ndipo mawu adabwera okoma monga mwa masiku onse, oyalana bwino, ena ogwetsa misozi, ena oseketsa. Akulankhula choncho adaona nkhope za anzake zikuumirabe.

"Basi, mphwanga," adatero Mbira. "Pakamwa pako tikupadziwa. Ngati ukunena zoona, ndiye kuti udanamiza njati yonse ija ili maso. Nanga ife ungatilephere?"

Pamenepo Sakhwi, amene adasamutsa njati ndi lilime lokha, adabwerera m'mbuyo n'kuwasiyira chitsime. Adaima kanthawi akumva mmene madzi amalirira pakhosi pa anzake, kenaka adatembenuka n'kubwerera kuchulu kwake. Palibe adamuperekeza.

Dambo la Mkanda lidadzilamuliradi, ndipo nyimbo zimene zimaimbidwa kumeneko zimatchula Mbira. Sakhwi mpaka lero safika pachitsime, amangonyambita mame a pa udzu m'mawa dzuwa lisanawakamutse. Tinjira take tija amatilambulabe tsiku ndi tsiku ngati kukubwera alendo. Mukadzamva di di di m'udzu wouma masana, musadzathawe poyesa khamu. Ndi iyeyo, akudziombera yekha kang'oma kuti amveko ngati ali ndi anthu pambuyo pake.