Dzina la Mwana wa Elube

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, pa sekondale ina yoyendera kuseri kwa mapiri a ku Dedza panali mtsikana wamanyazi dzina lake Elube. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda. Pasukulupo Elube anadutsa m'manja mwa aphunzitsi atatu a Chingerezi, ndipo atatuwo, ndikuuzeni, sankamwerana madzi.

Oyamba anali a Gwaza, okonda nthano za milungu ya Agiriki. Buku la nthanozo linali limodzi pasukulu ponse, choncho iwo ankakwera pa desiki n'kumasewera okha: mulungu wa mphenzi ndi iwo, chilombo cha mitu yambiri ndi iwo omwewo. Silabasi sankaimaliza, ndipo sizinkawasowetsa tulo. Masiku amenewo mwana wopezeka akulankhula Chichewa pasukulu ankavekedwa chigoba cha nkhono m'khosi. Chigobacho chinazolowera khosi la Elube mpaka mtsikanayo anangosiyiratu kutsegula pakamwa.

Tsiku lina a Gwaza anafunsa ngati alipo wodziwa nthano ya kwawo yofotokoza chiyambi cha phiri kapena mtsinje. Palibe anakweza dzanja, koma iwo anaona Elube akunong'ona yekha.

"Nena m'Chichewa momwemo," anatero.

"Andiveka chigoba, sala."

A Gwaza anatenga chigobacho n'kudziveka okha pamwamba pa tayi. "Lero chapeza mwini wake. Nena."

Elube anasimba za phiri la kwawo, limene linang'ambika pakati chifukwa akazi awiri apachibale ankalimbirana kasupe. Belu linalira koma palibe anadzuka. A Gwaza anakadzudzulidwa ku ofesi chifukwa chonyoza lamulo, koma kuyambira tsikulo Elube ankalankhula, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe.

Achiwiri anali Mayi Nankhoma, ophunzitsa mabuku a nkhani ndi ndakatulo. Ankalira akamawerenga, ndipo malikisi ankagawa ngati mango a m'dzinja. Elube ali Fomu 3 mayi ake anamwalira, azakhali ake n'kumusiyitsa sukulu kuti azigulitsa tomato pamsika. Mayi Nankhoma sanapite kukakangana ndi azakhaliwo. Loweruka lililonse ankafika pamsikapo, n'kukhala pa thumba pambali pa tomato, n'kumawerenga buku la m'kalasi mokweza, uku akumasulira. Posakhalitsa amayi a nyemba ndi a kabichi anayamba kusendeza mipando yawo. Atafika pamene mtsikana wa m'bukumo waima pakhomo la munthu amene anapha mlongo wake, Mayi Nankhoma anatseka buku.

"Ndiye analowa, madamu?" anafunsa Elube.

"Zotsalazo zili m'kalasi, Lolemba."

Msika wonse unadandaula. Azakhali aja, amenenso nkhaniyo inali itawagwira, anapukusa mutu nati, "Pita ukamve, uzidzatiuza." Umu ndi mmene Elube anabwererera kusukulu.

Achitatu anali a Mtambalika, ophunzitsa kulemba chimangirizo, munthu amene mano ake palibe mwana anawaonapo. Pasukulupo panali chizolowezi chopusa. Ana ankaloweza chimangirizo chimodzi chosiyirana kuchokera kwa akulu awo, chonena za ngozi ya basi. Muwapatse mutu wa tsiku losaiwalika, basi igubuduzika. Muwapatse wa ukwati, basi igubuduzika popita kuukwatiko. Elube naye anaigubuduza.

"Iwe, unakwerapo basi?" anafunsa a Mtambalika.

"Ayi, sala."

"Nanga anthu onsewa wawapheranji? Lemba zimene maso ako anaona."

Analemba za msika. Pepala linabwerera lofiira ngati apherapo nkhuku, pansi pake pali mawu amodzi: lembanso. Analembanso, linabwereranso. Elube anawada bambo amenewa ndi mtima wake wonse. Mwa mkwiyo womwewo analemba za mmawa umene mayi ake anamwalira, mmene anasesera bwalo losesa kale chifukwa sankadziwa chochita ndi manja ake. Pepala limenelo linabwera loyera. A Mtambalika sanayamikire, anangoti, "Khala pansi." Koma Elube anadziwa kuti wayamba kulemba.

Zaka zinapita. Elube anakhala mlembi wa mabuku ndi masewero a pawailesi, anakwatiwa, nabereka mwana wamkazi. Akuchimuna anati mwana woyambayu atchulidwe dzina ndi akuchikazi. Koma kuchikaziko kunalibe wamkulu, pakuti azakhali aja nawonso anali atatsikira kulichete. Elube anaganiza za aphunzitsi ake, onse atapuma pantchito. Apa ndi pamene analakwitsa. Anaitana onse atatu, poganiza kuti ukalamba wawafewetsa ndipo asankhana okha mwaulemu. Mlembi wamkulu ndithu, wodziwa mitima ya anthu a m'mabuku, n'kulephera kudziwa anthu amene anamuphunzitsa.

Mmawa wa tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, achibale atakhala pamphasa, apongozi a Elube anafunsa kuti wotchula dzina ndani. Atatu onse anakonza kukhosi nthawi imodzi.

"Ndinamupeza ali wosalankhula," anatero a Gwaza. "Wopanda pakamwa akanawerenga chiyani, akanalemba chiyani? Dzina ndabwera nalo."

"Pakamwa pomwe munatsegulapo, a Gwaza, pankaitanira tomato," anayankha Mayi Nankhoma. "Ndikanapanda kukamutenga kumsika, bwenzi lero tikukamba za ndani?"

"Inu nonse munandibweretsera mwana wogubuduza mabasi," anatero a Mtambalika. "Olankhula alipo ambiri, owerenga aliponso. Wolemba ndinamuumba ine."

Mkangano unakula. A Gwaza anakumbutsidwa za silabasi, Mayi Nankhoma za malikisi awo aulere, a Mtambalika za ana amene ankathawa kalasi yawo. Dzuwa linafika paliwombo, tiyi anazizira, alendo ena anayamba kutsanzika. Elube anatopa nazo kwambiri, mpaka analakalaka chigoba chija chikanakhalapo kuti aveke onse atatu.

"Aphunzitsi, chonde," anatero atagwada. "Bwanji aliyense apereke dzina lake, mwanayu akhale ndi atatu?"

Apongozi ake anakana. "Kuno wotcha dzina amakhala mmodzi, mwana wanga. Ameneyo ndiye mwanayu azidzamuthamangira akakula. Sitigawana mwana ngati nyama ya mbuzi."

Ndipo ngakhale akanalola, okalamba aja anali atayamba kale kukangana kuti dzina la ndani likhale patsogolo. Mwana anayamba kulira. Pamenepo atatuwo anagwirizana chinthu chimodzi, koyamba m'moyo wawo. Anatembenukira kwa Elube nati, "Sankha iweyo."

Mkwiyo wa Elube unasanduka chisoni. Anayang'ana a Gwaza, maso awo atachita khungu, atavala tayi yomwe ija. Anayang'ana Mayi Nankhoma, amene sanaberekepo mwana, atafumbata kachipewa komwe analuka okha. Anayang'ana a Mtambalika, amene anayenda pansi ndi ndodo kuchokera kutsidya kwa phiri, ndipo anawapezerera akumwetulira khandalo mobisa. Anadziwa kuti akatchula mmodzi, awiri abwerera kwawo akudziwa kuti ntchito yawo yayesedwa yochepa, ndipo pa msinkhu wawowo sipadzakhalanso tsiku lina lokonzera zimenezo.

Mwana akulirabe m'manja mwa amake, alibe dzina, ndipo apongozi akudikira. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tamuthandizani Elube. Ayenera kutcha dzina mwanayu ndani: amene anatsegula pakamwa pa amake, amene anakawatenga kumsika, kapena amene anawakaniza bodza mpaka analemba zoona?