Mano Makumi Atatu ndi Awiri

M'chipinda chovalira cha timu ya hoke ya m'tauni yathu kuno ku Saskatchewan munali alumali wa makapu okhaokha. Nthawi yolowa m'bwalo ikakwana, munthu ankavula mano ake oikirira, n'kuwaponya m'kapu yolembedwa dzina lake, kenako n'kumanga zingwe za nsapato. Palibe ankadabwa nazo. Kampira ka hoke n'kouma ngati mwala, ndodo zake sizisankha pogwera, ndipo amuna akamathamangitsana pa madzi oundana sapepesana. Kwathu kuno, wosewera amene watha zaka khumi akadali ndi mano ake obadwa nawo timangodziwa kuti amakhalitsa pabenchi.

Koma Lorne Halvorsen analibe kapu pa alumali paja. Anali atasewera zaka zisanu ndi zinayi, atamwetsa zigoli zoti kuwerenga n'kutopa, mano onse makumi atatu ndi awiri ali m'kamwa, oyera mbee, ondondozana ngati chimanga chobereka bwino. Kampani ina ya mankhwala otsukira mano inamujambula akuseka n'kumupachika pa chikwangwani chachikulu cha pamsewu wolowera m'tauni. Atolankhani akamufunsa chinsinsi chake, yankho linali limodzi.

"Liwiro basi. Ungamenye bwanji munthu amene sunamupeze?"

Liwiro analidi nalo, tisamunamizire. Koma chinsinsi chenicheni chinkasewera kumanja kwake, ndipo dzina lake linali Orest Pawluk, mwana wa mlimi wa tirigu, chimunthu cholowa pakhomo chowerama. Anzake ankamutchula kuti Thirakitala, chifukwa ankachedwa kuyamba ulendo koma akauyamba panalibe womuimitsa. Pa zaka zonsezo Orest anamwetsa zigoli khumi ndi chimodzi, ndipo ziwiri mwa izo kampira kanachita kumugunda kumatako n'kukalowa kokha. Ntchito yake inali ina. Munthu akangomukhudza Lorne molakwika, Orest ankataya magolovesi pansi, ndipo bwalo lonse linkaimirira podziwa chimene chikubwera. Pambuyo pake ankakakhala mphindi zisanu m'khola la olangidwa, nsalu ili pakamwa. Mano ake asanu ndi atatu anatsalira m'mabwalo osiyanasiyana, lililonse pa mlandu wa Lorne.

Chaka china Lorne anaphonya mphoto ya womwetsa zigoli zambiri. Anapereweza ziwiri zokha, ndipo ziwirizo zinamudya mtima chilimwe chonse. Atafufuza wolakwa, anamupeza kumanja kwake. Anapita ku ofesi ya kochi, bambo Armand Rioux.

"Akochi, ndatopa kukoka ngolo. Ine ndikafika pagolo, Thirakitala amakhala akadali kulizidwa. Ndipatseni munthu wothamanga."

Bambo Rioux anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lorne, unayamba wadzifunsapo chifukwa chake sakugunda?"

"Sandipeza."

"Sakupeza, kapena amadziwa chimene chikuwadikira akakupeza?"

"Zimenezo ndi zakale, akochi. Hoke ya masiku ano ndi miyendo, si nkhonya. Sankhani, iye kapena ine."

Nkhope imene inali pachikwangwani sinali ya Orest, ndipo amene ankadzaza mipando si Orest. Eni timu sanachedwe kusankha. Mkazi wa Lorne, Colleen, atamva nkhaniyi anasiya mbale imene ankatsuka.

"Bambo ake Tessa, munthu uja anakunyamulirani mwana paubatizo. Mkazi wake amatitumizira soseji chaka chilichonse. Mwamuchotsetsa ntchito chifukwa cha zigoli ziwiri?"

"Ubale ndi ubale, ntchito ndi ntchito," anatero Lorne, akudziyang'ana mano kumbuyo kwa supuni.

Tsiku lotsanzikana, Orest anaika zovala zake m'chikwama, n'kutenga kapu yake pa alumali. Sanakwiye, ndipo zimenezo n'zimene zinawawa anzake kuposa chilichonse. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mphwanga, ndikuuze kamodzi. Ukamadutsa pakati pa bwalo umakonda kuweramira kampira. Uzidzutsa mutu."

Lorne anaseka. "Achimwene, zaka zisanu ndi zinayi ndasewera choncho. Chinandichitikira n'chiyani?"

"N'zimene ndikunenazo," anatero Orest. Palibe timu ina imene inamufuna, choncho anabwerera kumunda kwa bambo ake.

M'malo mwake munabwera Kirby Lund, wothamanga ngati mphepo, wopatsira kampira mwaulemu pandodo penipeni. Masewero atatu oyamba Lorne anamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri. Ankalowa m'chipinda chovalira akuimba mluzu.

"Mwaona? Ndinkanena ine! Zaka zonsezi ndinkathamanga nditamangiriridwa pulawo kumsana."

Koma mbiri siyenda pansi. Matimu ena anamva kuti Thirakitala ali kumunda, ndipo anayamba kuyesa madzi ndi chala. Wina anamukwapula Lorne ndi ndodo pakakolo, n'kudikira. Palibe magolovesi amene anagwa. Kirby anangoyang'ana kwa woimbira masewero ngati mwana wofuna kukanena kwa aphunzitsi. Sabata yotsatira chinabwera chigongono m'nthiti. Sabata inayo anamukanikizira kumatabwa a mpanda mpaka galasi linanjenjemera, womukanikizayo n'kumunong'oneza kuti, "Mlonda wako ali kuti, mnyamata wa pachikwangwani?" Lorne anati ndi nsanje chabe, ndipo mutu sanadzutse.

Linali Lamlungu masana, mwezi wa Novembala, bwalo litadzaza mpaka m'makwerero. Ku timu ya alendo kunali Gervais, wotchinga kumbuyo, munthu amene Orest anamuthyola mphuno kawiri. Gervais anali woleza mtima. Anali atadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye mphindi khumi zinanso sizikanamuvuta. Lorne analandira kampira, anadutsa mmodzi, anadutsa wachiwiri, n'kulowa pakati pa bwalo maso ali pansi, akusirira ndodo yake. Phewa la Gervais linamupeza pachibwano. Chinamveka mpaka kwa ogulitsa khofi kunja. Choseketsa n'chakuti panalibe cholakwa chilichonse, moti woimbira sanakweze n'komwe dzanja. Anangoimitsa masewero poona kuti munthu sakudzuka. Osesa bwalo anatola mano asanu ndi limodzi pafosholo.

Nsagwada inathyoka pawiri. Madokotala anaimanga ndi waya, ndipo kwa milungu isanu ndi itatu Lorne ankamwa msuzi ndi kapaipi. Mafupa anapola bwino. Chimene sichinapole ndi mtima. Atabwerera m'bwalo, mutu anaudzutsa ndithu, koma mopitirira muyeso. Ankayang'ana kumanzere, kuyang'ana kumanja, kucheuka kumbuyo, kampira n'kumamuthawa pandodo. Akamva nsapato zikukwecha pambuyo pake, ankataya kampira kwa aliyense, ngakhale mdani. Phunziro limene anzake analiphunzira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mafupa akadali anthete, iye linamupeza ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Pa masewero makumi awiri otsalawo anamwetsa chigoli chimodzi.

Anthu omwe aja ankaimba dzina lake anayamba kumukuwiza. "Halvorsen, sekerera tione!" Chikwangwani cha pamsewu anachitsitsa, ndipo pamalo pake kampani ina inapachika chithunzi cha thirakitala yobiriwira. Anthu a m'tauni yathu si achifundo pa zinthu zotere. Anaseka mpaka nyengo yofesa. Masewero a chaka atatha, bambo Rioux anaitanira Lorne mu ofesi yomwe ija. Anamuuza mwachidule kuti ntchito yatha, ndipo panalibe timu ina imene inaimba foni.

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitasungunuka, tsiku lina m'mawa galimoto yamatope inaima pakhomo pa Lorne. Anali Orest. Colleen anamulandira ndi misozi, koma Lorne anakhala pampando osadziwa poika maso. Anakhala nthawi akumwa khofi, akukamba za mvula ndi mtengo wa mbewu. Kenako Lorne anafunsa funso limene linali litamusowetsa mtendere miyezi isanu, mawu akutuluka ndi mluzu pakati pa mano ake oikirira achilendo.

"Achimwene, anthu ngati Gervais aja anachokera kuti? Kale kunalibe anthu otere."

"Analipo, mphwanga. Masewero alionse analipo."

"Nanga ine sindinkawaona bwanji?"

Orest analowetsa zala m'kamwa, anavula mano ake, n'kumusekerera ndi nkhama zokhazokha.

"Ankayamba akumana ndi ine."

Atabwezera mano, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapu yake yakale ija. Dzina lakuti Pawluk anali atalipala ndi mpeni, ndipo pansi pake analemba lakuti Halvorsen ndi penti ya thirakitala.

"Mano akowo uziwaika m'madzi ozizira. Otentha amawapinda, ndipo ako ndaona ndi odula."

Lorne analandira kapu ndi manja awiri. Anafuna kupepesa, koma Orest anali atayamba kale kufunsa Colleen ngati m'nyumbamo mwatsala keke.

Kapu ija ilipo mpaka lero, pawindo la kubafa kwa Lorne. Zaka zisanu ndi zinayi anayenda wouma mapazi n'kumauza dziko lonse kuti udzu ndi wouma, osayang'ana amene akunyowa pansi pake. Akuluakulu anaziona kalekale zoterezi: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.