Kapu ya Nimu ya Apongozi

M'mawa uliwonse apongozi ankamwetsa Esinati madzi owawa a nimu, ati amatsuka zoipa m'thupi ndipo mwanabere satupa. Eniakewo sankamwa. Esinati, yemwe ankapepesa ngakhale nkhuku poipirikitsa, ankalephera kukana.

Tsiku lina kutabwera amayi akumpingo, apongozi anapatsira Esinati kapu ya nimu monyadira. Esinati anagwada.

"Amayi, mundikhululukire, ndakhala ndikukulandani ulemu. Wopereka chakumwa ndiye amayamba kulawa, koma ine mbuzi ndimangogugudiza."

"Mwanayu analeledwa," anavomereza alendowo.

Apongozi anayang'ana uku ndi uku, kenako anamwa. Nkhope inakwinyika, misozi ili chuchuchu.

Atapeza mpweya anatembenukira kwa Esinati nati, "Inu, m'thupi mwanu munayera kale. Kuyambira mawa tizimwa tiyi."