Nthiti ya Che Swadick

Ku Lungwena anthu sankafunsana nthawi. Che Swadick akaima pakhonde la mzikiti n'kuitana azana, kuitanira anthu kumapemphero, mawu awo ankafika mpaka kwa asodzi osoka makoka kugombe. Ndiye tsiku lina njinga yamoto ya kabaza inawagwetsa potsika mapiri a ku Namwera, nkhope n'kumenya mwala. Moyo unatsala, koma mphuno inapola itaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa. Mpweya sunkadutsanso, ndipo mawu aja anasanduka a munthu wachimfine.

Dokotala wa ku Blantyre sanawabisire. "Bambo, mtanda wa mphunoyi unathyoka. Tidula kachidutswa ka nthiti yanu, tikaseme, tikaike m'kati kuti mphuno iimenso. Thupi silikana fupa lake lomwe."

"Nthiti yanga?" Che Swadick anadzuka pampando. "Mulungu anandipatsa mafupa okwanira, ndikawabweza okwanira. Konzani mphuno, pachifuwa musakhudzepo!"

Koma bambo ameneyu kuuma mutu! Ananyamula kachikwama kawo, ulendo wakumudzi. Anafukiza masamba a bulugamu, anadzola mafuta amitundumitundu, mphuno osasuntha. Lachisanu lina anaumirira kuitana azana. Mawu anathera pampanda pomwepo, ana n'kumaseka, akuluakulu n'kuzolika. Sabata yotsatira anaitana ndi munthu wina. Che Swadick anamvera ali kuseri kwa nyumba, misozi ili mbwembwembwe.

Akazi awo, a Farida, anawapeza pomwepo, ndipo sanawanyengerere.

"Bambo a Zena, kodi nthitiyo akukaiponya m'nyanja? Ichoka pachifuwa, ikhala pankhope. Tsiku la Kiyama mudzadzuka nayo, ili patsogolo penipeni. Inu mukungoopa mpeni basi. Nenani zoona!"

Mayiyo analasa pachilonda. Mwezi usanathe, bamboyo anabwerera ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni.

Ululu wake musachite kufunsa. Mphuno siinavute kwenikweni, nkhondo inali pachifuwa. Kutsokomola kunkawaliritsa, kuseka kunali koletsedwa, ndipo ankaswali chokhala ngati nkhalamba. A Farida ankangowauza kuti, "Limbani, munaifuna nokha."

Chotupa chitaphwa, mphuno inaima njo, mpweya n'kumadutsa bwinobwino. Lachisanu masana Che Swadick anakwera pakhonde paja. Anakoka mpweya, nthiti yotsala ija n'kuwakumbutsa pang'ono, kenako anatulutsa mawu. Abale inu! Asodzi anasiya makoka n'kutembenuka. Amayi otsuka mbale kunyanja anaimirira. Mkulu wina anafuula, "Abwerera eni ake!"

Potuluka mumzikiti anthu anawaunjirira, aliyense kufuna kuona mphuno yomangidwa ndi nthiti. Wina anafunsa ngati sizinapweteke. Che Swadick anagwira chipsera cha pachifuwa, nayang'ana akazi awo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Zinapweteka zedi, achimwene. Ine ndimafuna mphuno yopanda bala, koma walira mvula walira matope."