Kusala kwa Teni Koloko

Bambo Sadiki Malunda anafika kwa Shehe Mikidadi Loweruka lina, itangotha swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo. Galimoto anaisiya kumsewu, chifukwa kanjira kopita kumzikiti wa Shehe ku Bangwe ndi ka miyendo basi. Anawapeza Shehe ali kuseri kwa mzikiti, atapindira mkanjo m'mawondo, akutsuka timaketulo tapulasitiki tomwe anthu amasambira asanaswali. Munthu amene anaphunzitsa mashehe ambiri a m'deralo ankaigwira yekha ntchito imeneyi, ndipo wina akati aisiyire achinyamata ankangoseka n'kupitiriza.

"Asalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salamu, mwana wanga. Lero mwatikumbuka."

A Malunda anaphunzira kwa Shehe ali wamng'ono, koma tsopano anali bwana wamkulu pa kampani ina yogulitsa mbewu ku Limbe. Anali munthu wodzisamala, wa nsapato zowala, wosakonda kuti wina amuone akupunthwa. Tsikuli nkhope yawo inali yakugwa. Shehe anaona zimenezi koma sanafunse. Anapukuta manja, nayala mkeka pakhonde, n'kuyamba kufunsa za mayi kunyumba ndi za ana, mmodzimmodzi ndi dzina lake.

Posakhalitsa mayi a kunyumba kwa Shehe anabweretsa tiyi ndi mbale ya zitumbuwa zotentha. Shehe anasunthira mbaleyo kwa mlendo.

"Tengani, musandidikire. Ine ndimadwala shuga, chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi. Wanga ndi tiyi wopanda kanthuyu."

Anazinena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kwachita mitambo. A Malunda anayang'ana zitumbuwazo, ndipo pakamwa pawo panayankha pokha, mutu usanaganize.

"Zikomo, Shehe. Ndasala."

"Allah alandire kusala kwanu," anatero Shehe. Anavundikira mbale ija n'kuiika pambali. Kenako anatenga kapu yawo ya tiyi, yomwe anali asanailawe n'komwe, n'kuiika kuseri kwa mzati kuti asamwe pamaso pa munthu wosala.

Kapu imeneyo ndi imene inawathyola a Malunda. Masana omwewo anali atadya kunyumba, fungo la anyezi likadali m'zala. Tsopano nkhalamba yodwala inali kudzimana tiyi pofuna kulemekeza bodza lawo. A Malunda anazyolika, kenako ananena motsitsa mawu kuti sanasale ayi, ndipo kuti bodza lomwe angonenali ndi lomwe lawabweretsa.

Nkhani yake inali yotere. Mwezi wa Febuluwale adokotala anawauza kuti shuga wawo wakwera, ndipo ngati akufuna kuona adzukulu asiye mandasi, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni atatu. Kunyumba sikunavute, mayi anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Vuto linali kuntchito. Pa ofesi pawo teni koloko ndi nthawi yaikulu. Onse amasonkhana patebulo limodzi, ndipo patebulopo sipakhala mbee. Lero mandasi, mawa zigege, mkuja keke ya wina amene wakwanitsa zaka. Koposa zonse panali samusa za Mayi Chimbalanga, mlembi wa pa ofesipo, amene ngakhale sanali Msilamu ankalawirira kukagula nyama yozingidwa ndi Asilamu n'cholinga choti bwana wawo adye nawo mosakayika.

Tsiku loyamba a Malunda anakana, amvekere ndakhuta. Mayi Chimbalanga anawatsatira mpaka mu ofesi kukafunsa chomwe awalakwira, ndipo patebulo wina ananong'ona kuti mwina bwana akuopa kudyetsedwa. Tsiku lachiwiri anati alawe imodzi kuti nkhani ithe. Anadya zinayi. Masana onse anakhala akumwa madzi ndi kudzitukwana. Kunena chilungamo kuti akudwala, ayi, zimenezo sanafune. Bwana akadziwika kuti ndi wodwala, anthu amayamba kuuyang'ana mpando wake ndi diso lina, ndipo a Malunda ankadziwa ndithu amene angayambe kuuyang'ana.

Tsiku lachitatu linali Lachinayi, tsiku limene Asilamu ena amasala mwa kufuna kwawo. Mbale itafika pa iwo anangoti, "Ndasala." Zinayenda ngati madzi. Palibe anakhumudwa, palibe anafunsa. Mbale inawalambalala mwaulemu, ndipo Mayi Chimbalanga anapepesa kuti sanadziwe. A Malunda anabwerera mu ofesi akudziyamikira kuti ali ndi mutu.

Koma keke siidziwa kuti lero ndi Lolemba kapena Lachinayi. Inabwera Lachiwiri, iwo anasalanso. Inabwera Lachisanu, chimodzimodzi. Pofika mwezi wa Epulo anali akusala tsiku lililonse la ntchito, kusala kwa pakamwa pokha. Ikakwana thwelofu ankakhoma chitseko, n'kutulutsa kontena ya nyemba ndi masamba yomwe mayi anawalongedzera, ndipo anthu podutsa pakhomopo ankayenda monyang'ama poganiza kuti bwana akupemphera. Ena anayamba kuwatchula Alhaji, chonsecho ku Makka anali asanapondeko. Apa a Malunda anaulula chinthu chomwe chinkawawawa kwambiri, chakuti dzinalo linkawakomera.

Shehe anangowayang'ana kuti apitirize.

Pa kampanipo panali dalaivala, Che Mtalika, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, Msilamu wa mtima woongoka. Iyeyo anakhala ndi shuga kwa zaka zambiri ndipo sankabisa. Ankamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo achipatala anamuletsa kukhala ndi njala, moti ngakhale mwezi wa Ramadhani sankasala. M'galimoto mwake simunkasowa nthochi. Che Mtalika ataona bwana wake, munthu wotanganidwa chotero, akusala mwezi ndi mwezi, manyazi anamugwira. Anayamba kusala mwakachetechete, kusala kwenikweni, mapiritsi akumwabe m'bandakucha.

Lachitatu lapitalo awiriwa anapita ku Mulanje kukayendera malo ogulitsira mbewu. Masana a Malunda anazemba n'kukadya kontena yawo kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, Che Mtalika akudikira m'galimoto padzuwa. Pobwerera anaona kuti dalaivalayo akutuluka thukuta ndipo manja akunjenjemera pa chiwongolero, koma anati mwina ndi kutentha. Atafika pageti la ofesi, Che Mtalika anaimitsa galimoto bwinobwino, natsegula chitseko, n'kugwa chafufumimba pa simenti. Mano awiri akutsogolo anathyoka. Kuchipatala anati shuga anatsikiratu, ndipo zikanachitika mphindi khumi m'mbuyomo bwenzi onse awiri ali m'phompho.

A Malunda anakamuona Lachinayi. Ankayembekezera kupeza munthu wodandaula, koma anapeza munthu wopepesa.

"Bwana, ndachita manyazi," anatero Che Mtalika, mawu akutuluka movutikira pa milomo yotupa. "Inu mwatha miyezi, ine masiku asanu ndi limodzi okha ndagwa. Anditulutsa Lamulungu. Lolemba ndiyambiranso, Allah akalola."

A Malunda anayesa kumuletsa, akuti adokotala akana. Che Mtalika anangomwetulira n'kupempha kuti bwana asamutsekereze pa chabwino chomwe iwo eni akuchita. Pamenepo a Malunda anaimirira. Anasiya thumba la malalanje pakabati n'kutuluka, ndipo kuyambira tsikulo chakudya chinasiya kukoma.

Atamaliza kufotokoza, anawongola msana pang'ono, pakuti sanabwere chimanjamanja. Anabwera ndi nzeru yomwe anaikonza bwino, monga bwana wozolowera kukonza zinthu.

"Shehe, ndaganiza zinthu ziwiri, ndipo ndikupempha chilolezo chanu. Masiku onse amene ndinanama ndiwasale zenizeni, kuti bodza lija lisanduke choona. Ndiperekanso sadaka, chopereka chachifundo, kumzikiti kuno. Chachiwiri, ndikupempha kuti inuyo mupite kuchipatala mukamuuze Che Mtalika kuti chipembedzo sichikakamiza wodwala kusala. Inu akakumverani."

Shehe anafunsa ngati adokotala anawalola a Malunda kusala. Iwo anati sanafunse. Anafunsanso ngati Che Mtalika sadziwa kale kuti wodwala saumirizidwa. A Malunda anavomera kuti akudziwa, popeza zaka zonsezi sankasala Ramadhani.

"Ndiye ine ndikamuuza chiyani chachilendo?" anatero Shehe mofatsa. "Lamulo akulidziwa. Chimene chamugwetsa si kusadziwa, mwana wanga. Iye sakutsatira lamulo, akutsatira inu. Ine ndikhoza kukayankhula mpaka mawu kusasa, iye n'kuvomera mwaulemu. Lolemba akadzakuonani mukukankha mbale n'kunena kuti mwasala, adzabisanso nthochi zake. Ndipo mukasala zenizeni, pageti paja padzagwa anthu awiri."

A Malunda anati ndiye angosiya mwakachetechete, ayambe kumwa tiyi patebulo, nkhani izizire yokha. Shehe anapukusa mutu. Anati Che Mtalika adzangoganiza kuti bwana akupuma atagwira ntchito yaikulu, ndipo iye adzafuna kufika pomwe bwana anafika. Munthu amene akumuthamangirayo kulibe, ndipo amene angamuuze kuti kulibe ndi mmodzi yekha.

Kenako Shehe anayamba kulankhula za patebulo paja, ndipo analankhula ngati munthu amene wakhala pa maphwando ambiri a ukwati kapu ya madzi ili m'manja. Anati samusa si mdani, ndipo Mayi Chimbalanga si Satana. Mayiyo amalawirira ku butchala chifukwa cha ulemu, ndipo akanauzidwa zoona bwenzi pano akubweretsa mtedza wokazinga kapena magwafa. Anati iwo eni akaitanidwa kumene kuli zotsekemera amadyeratu kunyumba kuti asafike ndi njala, amakhala pakati pa anthu osati pakona, amathokoza wophika ndi mtima wonse, n'kunena matenda awo poyera. Tsiku lina mtima ukakanika amanyema kachidutswa, n'kupatsa mnzawo chotsalacho, osadzitukwana. Anaseka pang'ono n'kuwonjeza kuti pa zaka zisanu ndi zinayi palibe amene anawalanda ushehe chifukwa cha shuga.

"Kudziletsa kwanu kunali kwabwino," anapitiriza Shehe. "Thupi ndi chinthu chimene Allah anatisungitsa, ndipo munachita bwino kulisamala. Koma munaopa kutchedwa wodwala, ndiye munavala mkanjo wa anthu opembedza kuti ukubiseni. Kusala ndi chinsinsi cha munthu ndi Mbuye wake. Inu munakutenga n'kukusandutsa chokanira samusa."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Malunda. Anakumbukira Che Mtalika ali m'galimoto padzuwa la ku Mulanje, iwo akunyambita supuni kuseri kwa khoma, ndipo anamva chisoni chomwe anali asanachimvepo chibadwire. Komabe kaubwana kaja kanali kasanafe.

"Shehe, adzandiseka. Ofesi yonse idzadziwa kuti ndinkadya chitseko chili chokhoma. Ulemu wanga wonse udzatha."

"Udzathadi," anavomera Shehe, osafuna kuwanyengerera. "Adzakusekani sabata imodzi, mwina ziwiri, ndipo dzina la Alhaji lidzasanduka nthabwala. Mano a Che Mtalika sadzameranso. Zimenezo zachitika, sitingazibweze. Koma ulemu umene mukuulirawo si wanu. Ndi wa munthu wosala uja, amene sanakhalepo."

Pomaliza a Malunda anafunsa, ndi mawu a mwana wa ku madrasa, kuti ayambire pati.

Shehe anatenga kapu yawo kuseri kwa mzati n'kumwa tiyi wozizira uja. Kenako anaitana mayi kuti abweretse nthochi ziwiri, naziika m'manja mwa mlendo wawo.

"Za patebulo ndi za Lolemba. Lero kuchipatala ozonda odwala awatsegulira faifi koloko, ndipo mukanyamuka tsopano mufika dzuwa lisanalowe. Mukakhale pambali pa bedi lake. Imodzi mukasende, mukadye iye akuona, kukadali kowala, ndipo mukamuuze zonse monga mwandiuzira ine. Inayo mukam'patse. Allah sakusowa njala yanu, mwana wanga. Chimene akufuna kwa inu n'chakuti Che Mtalika adye Lolemba."