Mbozi Ziwiri M'mabotolo

Ku Utale kunali mayi wina amene chimanga chake chinapsa ndi ng'amba. M'munda munatsala nandolo basi, ndipo kudya kwa ana ake anayi chaka chimenecho kunali pa nandoloyo.

Nandolo atayamba kubereka, zinafika mbozi, zija zoboola makoko n'kudya njere zam'kati. Mlangizi wa zaulimi anamuuza kuti asinje njere za mtengo wa nimu, aziviike m'madzi, asefe, apopere. Mayiyo anachita zonsezo. Mawa lake anapeza mbozi zili pompo, zamoyo.

Mlamu wake anaseka. "Mlamu, mwazisambitsatu bwino mbozizi! Dulani nandoloyu mupatse mbuzi, mukasake ganyu nthawi ikadalipo."

Mtima unamupweteka, ndipo chikwanje anachigwiradi. Koma mayiyu anali munthu wa "tione kaye". Anadzifunsa kuti, mbozi zamoyo ndaziona, nanga pakamwa pake ndayang'anapo?

Anatola mbozi ziwiri. Ina anaiika m'botolo ndi khoko lopopera, ina m'botolo lina ndi khoko losapopera la m'munda wa mlamu uja. Anavundikira ndi kansalu, n'kumasuzumira ngati mayi wa nkhuku yofungatira.

Tsiku lachitatu zonse ziwiri zinali zikugwedezekabe. Koma khoko losapopera linali litabooledwa, pansi pa botolo pali zitosi mbwee! Khoko linalo linali losalala, lopanda ndi kabowo komwe, ndipo mbozi yake inali itafota.

Anathamanga nalo botolo. "Alamu, taonani! Sinafe ayi, koma yasiya kudya."

Chikwanje chinabwerera pakhonde. Mayiyo anapopera sabata ndi sabata, ndipo ana aja anadya nandolo mpaka mvula ina.

Abale anga, alipo pano amene anagwada n'kupempherera mkwiyo wawo, kapena mowa wawo. Mawa lake anadzuka chilakolako chili pompo, n'kunena kuti Mawu a Mulungu sagwira ntchito. Ena mwagwira kale chikwanje, mukufuna kusiya kupemphera. Ndimamva nanu chisoni, chifukwa inenso ndinachigwirapo.

Tasuzumirani kaye m'botolo. Mkwiyo ukubwerabe, inde, koma mwezi uno mwamenya ndani? Ludzu lilipo, koma Loweruka lapitali munagona kuti, kumowa kapena kunyumba? Musangofunsa ngati mbozi yafa. Funsani ngati ikudyabe. Ngati yasiya kudya, Mulungu wayamba kale ntchito mwa inu, musadule munda.