Mtsuko wa Nachisale

Kalekale, tchalitchi chathuchi chisanaone njerwa, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nachisale. Nonse mwakhala apanu ndinu mbewu yake, choncho tcherani khutu, ndikunena za magazi anu.

Nachisale anali woumba mbiya. Dongo likafika m'manja mwake linkamvera. Koma paja amati woumba amadyera m'phale: mbiya zonse zinkapita kwa anthu, m'nyumba mwake n'kutsala mtsuko umodzi wokha womwera ana.

Mawu a Mulungu atafika kuno ndi mphunzitsi wina, a Filimoni Kachapila, Nachisale anali mmodzi mwa oyamba kubatizidwa. Tsiku limenelo abusa a ku misheni anatapa madzi a ubatizo m'chikho chakale chomwera thobwa. Zinamuwawa mumtima. Mulungu wamkulu chotere, n'kumamutumikira ndi chikho cha thobwa? Anapita ku mtapo, nasankha dongo lopanda ndi kamwala komwe. Anaumba mtsuko. Anaukulungiza, naukulungiza, mpaka unayamba kung'anima. Atauwotcha n'kuugogoda ndi chala, unalira ngati belu. Ndiye anausenza kupita nawo kutchalitchi, nagwada.

"Ambuye, uwu ndi wanu, ndaupatulira ubatizo. Inenso ndadzipatula, ndine wanu."

Kuchokera pamenepo mtsuko unakhala kuchipinda kwa Nachisale, utafunditsidwa nsalu yoyera, kudikira abusa. Abusawo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo chiumbireni mtsukowo anali asanapondenso kuno.

Kodi analakwa? Ine sindinena kuti analakwa. Munthuyu ankakonda Mulungu ndi mtima wonse. Miseche ya kuchitsime anasiya, mowa anasiya, bodza silinkatuluka pakamwa pake. Koma pang'onopang'ono nayenso anayamba kufanana ndi mtsuko wakewo, wofunditsidwa, wa kuchipinda. Akamva akazi anzake akuseka pamtondo ankalambalala. Iye ankayesa kuti kuyera ndiko kusakhudzidwa.

Tsono panali mlamu wake, Nangondo, mkazi wa mchimwene wake. Ameneyu anabwera kuno pachitengwa, kwawo kunali kutali kuseri kwa mapiri, ndipo mwamuna anapita ku Halale kukagwira ntchito osabwerako. Nangondo ankafulula mowa, pakamwa pake panalinso pakuthwa. Tsiku lina anaima pakhomo pa Nachisale.

"Mlamu, tandibwerekaniko mtsuko wanu uja, mowa wandichulukira."

"Uja ndi wa Mulungu."

"Nanga Mulungu wanuyo amamwa liti? Ine ndikuona ngati akupempheramo ndi akangaude okha."

Nachisale anatseka chitseko. Moni anathera pomwepo.

Kenako nthomba inalowa m'mudzi, m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Inu nthomba simuidziwa, thokozani Mulungu. Mwambo wake unali wotere: munthu akagwidwa ankamumangira msasa kutsidya kwa dambo, ndipo chopita kumsasa sichinkabwerera. Mphasa ankaitentha, mbiya ankaiswa. Wopita kukadwazika nayenso sankaponda m'mudzi mpaka matenda atatha, kapena atamutha iyeyo.

Nangondo anagwidwa. Tsiku lomwe anamutulutsa, mbiya zake zonse anaziswa, khomo n'kulitseka ndi minga. Ndani akanamudwazika? Mbale analibe kuno. Aja ankamwa mowa wake n'kumavina pabwalo pake anangoti zii. Ankamusiyira kachikho ka madzi m'mphepete mwa dambo n'kuthawa, koma iye analibe mphamvu yokwawira kukafika pamenepo. Masana mphepo ikaomba kuchokera kudambo, mawu ankamveka m'mudzi monse muno: "Madzi... madzi..."

Nachisale ankawamva mawuwo akamasinja, ankawamva akamasesa, ankawamva ngakhale akamaimba nyimbo za Mulungu. Anatambasula dzanja kuti atenge mtsuko wa m'nyumba, mwamuna wake anamugwira mkono: "Nanga anawa amwera chiyani?" Ndipo bamboyo ankanena zoona. Kuumba wina? Mpaka dongo liume, mpaka liwotchedwe, munthu atafa kale. Kupempha kwa anansi? Ndani angakupatse mbiya yoti sidzabwerera?

Unatsala umodzi, wa kuchipinda uja. Ndipo uthenga unali utamveka kuti matenda akangotha abusa abwera kudzabatiza. Mtsuko uja ukawoloka dambo, ndiye kuti udzaswedwa usanagwire ntchito imene anaulonjezera. Anapita kwa aphunzitsi mtima uli pawiri.

"Aphunzitsi, mtsuko wopatulika ukapita kumsasa, kwa munthu wofulula mowa, si ndiye kuti ndaudetsa?"

A Kachapila anati, "Mayi, mtsukowo munapereka kwa ine?"

"Iyayi, kwa Mulungu."

"Ndiye mukundifunsiranji ine? Kafunseni mwini wake."

Analowa kuchipinda, nachotsa nsalu ija, nagwada. "Ambuye, onani, ndakusungirani bwino. Ulibe ndi banga lomwe." Atasuzumira m'kati, anapeza muli gwa, ndipo akangaude anali atamangamodi nyumba. Pomwepo mphepo inabweretsanso mawu aja. Nachisale analira. Analira chifukwa anachita manyazi pamaso pa Mulungu wake: chinthu anachipereka ndi pakamwa, koma mwini wake anali asanachigwiritsepo ntchito ndi tsiku limodzi lomwe.

Anatsuka mtsuko, naudzaza pachitsime, nausenza. Ana anawasiya kwa amayi ake. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Mwamuna wake anamutsatira mpaka m'mphepete mwa dambo.

"Amake ana, ingotula pompano. Ukawoloka, sitikudziwa ngati tidzakuonanso."

"Bambo, tsiku lija kutchalitchi sindinapereke dongo lokha."

Anawoloka, ngakhale mantha anali nawo ngati munthu aliyense.

Nangondo anali atatupa, maso osatseguka. Nachisale anamudzutsa, namutsamiritsa pachifuwa pake. Wodwalayo anapapasa mtsuko ndi zala, napapasanso.

"Kusalala kotereku... Mlamu, kodi ndi uja?"

"Ndi womwewo. Paja munafunsa kuti Mulungu amamwa liti. Imwani, mlamu, lero ndiye akumwa."

Nsalu yoyera ija anaing'amba zidutswa zotsukira zilonda. Madzi akatha ankakatunga pa kachitsime ka kumunsi kwa dambo. Nangondo atayamba kudzuka, Nachisale nayenso anagwa nayo nthomba, ndipo amene anamumwetsa madzi anali wofulula mowa uja. Onse awiri anachira, koma nthomba sichoka chimanjamanja: Nangondo inamutengera diso, Nachisale inamusiyira zipsera nkhope yonse. Tsiku lotentha msasa, amuna anaswa mtsuko uja ndi mpini. Nachisale atamva kuti phwaa, anatembenuka n'kulira. Musamuseke, anali atauumba ndi mtima wake.

Abusa anabweradi, nabatiza ndi chikho cha thobwa chomwe chija. Nangondo anakhala kumbuyo n'kumaonerera ndi diso lake limodzi. Kenako analowa kalasi ya ubatizo, mbiya za mowa osagulanso. Nyengo zitapita, tsiku lake la ubatizo linakwana. Aphunzitsi atabwera ndi chikho, Nangondo anamasula mfundo ya nsalu yake, natulutsa phale limene anakatola paphulusa la msasa mvula italitsuka.

"Abusa, madzi angawo thirani umu. Ndinamwera momwemu ndili kufa."

Nachisale anaphimba nkhope yake ya zipsera ija ndi manja. Mtsuko wake unabatiza munthu mmodzi yekha, unabatizanso uli phale.

Mwamva, ana inu? N'chifukwa chake kwathu kuno timati cha Mulungu sichikhala kuchipinda. Kusiya zoipa n'kwabwino, siyani ndithu, Nachisale nayenso anasiya. Koma mtsuko amautsukira kuti utunge madzi. Ndiye iwe amene umati unadzipereka kwa Ambuye, ukapita kwanu ukasuzumire mumtsuko wako. Ngonyowa, kapena akupempheramo ndi akangaude?